Lipoti: Dalaivala woyendetsa galimoto kwa zaka 19 yemwe ankakhulupirira kuti amaima pa STOP

Ndine mlangizi wa madalaivala. Ntchito yanga yambiri ndi yophunzitsa anthu omwe sanagwirepo chiwongolero, koma nthawi zina makampani amanditumizira madalaivala awo akale kuti ndiwaunike pakachitika ngozi. Nkhani iyi ndi ya bambo wina yemwe anabwera mwa njira imeneyo. Dzina lawo ndi la kampani yawo ndazibisa. Ndailemba chifukwa vuto lomwe ndinawapeza nalo ndimalipeza mwa madalaivala osamala, a mbiri yabwino, ndipo mwini wake sangalione yekha ngakhale atafunitsitsa.

Chomwe chinachitika

Bambowa ali ndi zaka 47. Ayendetsa galimoto kwa zaka 19 osagundapo munthu, ndipo panopa amayendetsa vani yonyamula katundu. Ngoziyo inachitika cha m'ma 11 koloko m'mawa, kunja kuli ngwee, msewu wouma. Ankatuluka mu msewu waung'ono kulowa mu waukulu, pamphambano pomwe pali chikwangwani cha STOP, akufuna kukhotera kumanja. M'dziko lomwe izi zinachitikira magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, ndiye dalaivala amakhala kumanja, ndipo wokhotera kumanja amayamba wadula njira ya omwe akuchokera kudzanja lake lamanja. M'njira imeneyo munali mnyamata pa njinga yakapalasa. Bampala inagunda njingayo chapakati, mnyamatayo anagwera patsogolo pa vani ndipo anathyoka mkono. Chomwe chinamupulumutsa ndi chakuti liwiro linali lochepa.

Pa fomu ya kuntchito bambowa analemba kuti anaima, anayang'ana mbali zonse ziwiri, sanaone kanthu, ndipo njingayo inangotulukira. Abwana awo anaganiza kuti anali pa foni, koma foni itaunikidwa inapezeka kuti sinkagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo. Maso anapimidwa, ali bwinobwino. Mowa sanamwe. Funso lomwe anandipatsa linali limodzi: munthu wa maso akuthwa, wosaledzera, wosagwira foni, angalephere bwanji kuona njinga masanasana pamalo opanda thengo kapena mpanda?

Kuunika koyamba

Ndinakwera nawo vani yawo yomweyo kwa ola limodzi ndi theka. Sindinawauze chomwe ndikuwerenga. Kayendetsedwe kawo kanali kosangalatsa: mtunda wokwanira pakati pa iwo ndi galimoto yakutsogolo, indiketa pa nthawi yake, magiya osagwedeza katundu, mtima wodekha. Tinadutsa pa mphambano 14 za STOP. Matayala anasiyiratu kuzungulira pa zitatu zokha, ndipo pa zitatu zonsezo panali galimoto yomwe inkabwera. Pa zina 11 ankachita chimodzimodzi: buleki, giya yachiwiri, liwiro kutsika kufika pa makilomita 15 kapena 20 pa ola, mutu kumanja, kumanzere, basi mafuta.

Titaimika galimoto ndinawafunsa kuti, "Bambo, pa ma STOP onse tadutsa aja, mwaima pa angati?"

Anandiyang'ana modabwa. "Onse, aphunzitsi. Ine sindidumpha STOP."

Sankanama. Apa mpomwe abwana ambiri amalakwitsa poganiza kuti dalaivala akubisa mlandu. Munthu akaponda buleki, thupi limamva kukankhidwira kutsogolo, ndipo kwa yemwe wachita zimenezi kambirimbiri, kumva kumeneko kumalowa m'malo mwa kuima. Wachoka pa 60 kufika pa 15, zonse zikuoneka ngati zadekha, ndiye m'mutu mumalembeka kuti waima. Koma pa makilomita 15 pa ola galimoto ikudyabe mamita anayi pa sekondi iliyonse, ndipo pa 20 ikudya oposa asanu. Kuima kwenikweni kuli ndi chizindikiro chake: mphuno ya galimoto yomwe inatsika pogwira buleki imabwerera m'mwamba, ndipo msana wako umagwera pang'ono ku mpando. Pa mphambano 11 zija sindinakumve kugwedera kumeneko ngakhale kamodzi.

Kenako ndinawajambulira papepala mizere iwiri yopingasa msewu, wina wosadukiza, wina wodukizadukiza, ndi kuwafunsa kusiyana kwake. Anati yonse ndi yoti uchepetse liwiro ndi kuyang'ana. Gwero la nkhani yonse linali pamenepa. Mzere wodukizadukiza wopingasa msewu, womwe umayendera limodzi ndi chikwangwani cha makona atatu choloza pansi, ndi wopatsa mpata: ukachepetsa liwiro n'kuona kuti kulibe kanthu, ukhoza kupitirira osaima. Mzere woyera wosadukiza wopingasa msewu, womwe umayendera limodzi ndi STOP, sukufunsa maganizo ako. Uime, kaya kukubwera galimoto kaya kulibe, kaya ndi masana kaya pakati pa usiku. Kwa zaka zambiri bambowa ankatenga STOP aliyense ngati malo opatsa mpata, ndipo popeza sanagundepo kanthu, msewu unkakhala ngati ukuwavomereza.

Kusiyana kumeneku sikunaikidwe mwamasewera. Akatswiri a misewu amaika STOP pomwe kuchepetsa liwiro kokha sikukwanira, kawirikawiri chifukwa wotuluka mu msewu waung'ono saona patali, kapena chifukwa pamalopo pachitika kale ngozi. Ngakhale mapangidwe a chikwangwanicho ali ndi chifukwa. Choyamba chinaikidwa mu mzinda wa Detroit ku America mu 1915, chili choyera cha zilembo zakuda. Pambuyo pake chinakhala cha makona asanu ndi atatu, chachikasu, mpaka mu 1954 pomwe dziko la America linachisintha kukhala chofiira. Pangano la mayiko lokhudza zikwangwani za pamsewu lomwe linasainidwa ku Vienna mu 1968 linachivomerezanso. Palibe chikwangwani china chomwe chili ndi makona asanu ndi atatu, cholinga chake n'chakuti uchizindikire ngakhale utoto utafufutika, fumbi litachikuta, kapena ukuchionera kumbuyo. Anthu anachivutikira chonchi chifukwa lamulo lake silikambirana.

Komwe njinga inabisala

Kusaima kokha sikunayankhe funso la abwana. Bambowa anayang'anadi kumanja. Nanga njinga inali kuti?

Tsiku lachiwiri tinapita pa bwalo lophunzitsira. Ndinawakhazika pa mpando wawo monga amakhalira masiku onse, ine n'kutenga njinga. Ndinaima kutsogolo chakumanja kwa vani, pa mtunda wa mamita 20, n'kumasuntha pang'onopang'ono mpaka anatulutsa mutu pazenera kufunsa komwe ndapita. Ndinali pomwepo, ine ndi njinga yonse, kuseri kwa nsanamira yomwe imagwira denga pakati pa galasi lakutsogolo ndi zenera la chitseko chawo. Amakaniko amaitcha A-pillar. Pa magalimoto amakono nsanamirayi ndi yonenepa, chifukwa iyenera kupirira galimoto ikagubuduzika ndipo mwina imasunganso airbag, thumba la mpweya loteteza munthu pa ngozi. Ili pafupi ndi diso la dalaivala, choncho imaphimba malo aakulu kuposa momwe imaonekera, monga momwe chala chimatha kuphimbira nyumba ukachiyandikitsa ku diso. Pa vani yawo, kalirole wam'mbali ndi wamkulu ndipo ali m'munsi mwa nsanamirayo, komanso pakona pomwepo iwo anamatapo chogwirizira foni. Zitatuzi pamodzi zinapanga khoma.

Bambowa anatsutsa, ndipo anatsutsa bwino. Anati njinga imayenda, ndiye ikanatulukira kuseri kwa nsanamirayo. Zikanaterodi vani ikanakhala itaima. Koma zinthu ziwiri zikamayenda molunjika kumalo amodzi, pa liwiro losasintha, ndipo zikafika pamalopo nthawi imodzi, chilichonse chimaona chinzake pa ngodya imodzimodzi kuyambira kutali mpaka pogundana. Oyendetsa sitima zapamadzi anazindikira kalekale zimenezi: sitima ina ikamaoneka pamalo amodzimodzi pazenera, osapita kutsogolo kapena kumbuyo koma kumangokula, ndiye kuti mukukagundana. Pamphambano ndi chimodzimodzi. Vani ikuyenda makilomita 20 pa ola, njinga 15, ndiye kuti njingayo ili pa ngodya ya madigiri pafupifupi 37 kuchokera kutsogolo, chigawo chomwe nsanamira ya dalaivala imakhala pa magalimoto ambiri. Vani ikusuntha, mthunzi wa nsanamira ukusuntha nayo, njinga ikuyenda mkati mwa mthunziwo. Imatulukira itafika kale pa bampala.

Tinayesa pa bwalopo ndi mnzanga akupalasa njinga, ine nditakhala pambali pawo phazi langa lili chire. Ulendo woyamba ndinawauza kuti ayandikire mzere monga amachitira nthawi zonse. Mnzangayo anamuona atatsala mamita ochepa. Ulendo wachiwiri ndinawauza kuti aime kwenikweni. Atangoima, njinga inatuluka kuseri kwa nsanamira mkati mwa sekondi imodzi kapena ziwiri, poti mthunzi unaima koma njinga inapitirira. Bambowa anakhala chete kwa nthawi yaitali manja ali pa chiwongolero, kenako anati, "Ndiye kuti mwana uja analipo nthawi yonse ija." Sindinawonjezepo mawu.

Izi sizachilendo kwa akatswiri a misewu. Pa mphambano ya Ipley ku New Forest m'dziko la England, malo oyera bwino omwe munthu amaona patali mbali zonse, okwera njinga awiri anataya miyoyo pa ngozi za mu 2012 ndi 2016, atagundidwa ndi magalimoto otuluka mu msewu waung'ono. Kuyera kwa malowo n'komwe kunkapusitsa madalaivala: ukayang'ana uli patali, osaona kanthu, suonanso chifukwa chochepetsera liwiro. Pamapeto pake mphambanoyo anaimanganso mopotoza kuti wodutsa azikakamizika kukhota, asamangowoloka molunjika. Mphambano ya bambo athuwa nayo inali yoyera chonchi, ndipo abwana ankaona ngati zimenezo zikukulitsa mlandu wa kusasamala, pamene kwenikweni ndi zomwe zinatchera msampha.

Panali chinanso chaching'ono. Kayang'anidwe kawo kanali ka changu kwambiri, mutu kungoti tembenu, tembenu. Diso likamalumpha kuchoka pa chinthu china kupita pa china, ubongo sulandira bwino zomwe zili pakatipo, umangodzaza mpatawo ndi zomwe ukuyembekezera. Ndipo dalaivala wozolowera amayang'ana akufunafuna chinthu chachikulu chomwe chingamupweteke iye, lole kapena basi. Njinga, njinga yamoto ndi woyenda pansi zimatha kugwera mumpata umenewo.

Zomwe tinachita

Tinakumana kanayi, ola limodzi ndi theka ulendo uliwonse. Sindinawaphunzitse kuyendetsa galimoto, amadziwa kale kuposa anthu ambiri. Tinagwira chizolowezi chimodzi chokha.

Choyamba chinali malo oimira. Chomwe chiyenera kukhala kumbuyo kwa mzere ndi mphuno ya galimoto, osati matayala akutsogolo. Ndinawatsitsa kangapo kuti akaone okha pomwe bampala yafika, mpaka anapeza chizindikiro chawo: mzere ukaoneka ngati ukulowa pansi pa kalirole wam'mbali, aime. Chizindikirochi chimasiyana malinga ndi galimoto, msinkhu wa munthu ndi momwe mpando waikidwira, choncho aliyense apeze chake.

Anafunsa funso lomwe madalaivala akale onse amafunsa: nanga pomwe mzere uli m'mbuyo kwambiri, moti ukaima pamenepo suona kanthu chifukwa cha mpanda kapena galimoto yoimikidwa? Yankho ndi kuima kawiri. Uime kaye pa mzere kwathunthu, chifukwa pamenepo mpomwe oyenda pansi amadutsira ndipo lamulo likufuna pamenepo. Kenako usendere pang'onopang'ono ndi kilatchi mpaka pomwe ukuona bwino mbali zonse, ndipo ngati kukubwera kanthu uimenso. Cholakwika n'kusiya kuima koyamba n'kuthamangira kwachiwiri. Pomwe mzere unafufutika, chikwangwani chikadali ndi mphamvu yake yonse: uime usanalowe mu msewu waukulu kapena pomwe anthu amawolokera.

Chachiwiri chinali mutu. Galimoto itaima, ayang'ane mbali yomwe magalimoto oyandikira akuchokera, kenako mbali inayo, kenako abwererenso koyamba kuja. Poyang'ana aweramire kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo kuti diso lizungulire nsanamira. Alangizi anzanga ena amaphunzitsa kuwerenga mpaka katatu ukaima. Ine sindikonda njira imeneyo, chifukwa ndaona ophunzira akuwerenga mokhulupirika maso ali pa boneti, n'kunyamuka osayang'ana kalikonse. Bambowa ndinawauza kuti azitchula mokweza zomwe akuona: pafupi palibe, pakati pali mayi ndi mwana, kutali kuli lole. Munthu sangatchule chomwe diso lake silinaimepo. Tsiku loyamba anachita manyazi, koma pofika lachitatu ankatchula okha ine ndisanawakumbutse.

Kukana kwawo kwakukulu kunali pa nthawi. Anati ali ndi malo ambiri oti atule katundu pa tsiku, ndipo akaima pomwe palibe kanthu, a m'mbuyo amaimba hutala. Tinayeza ndi wotchi. Kuima kwathunthu n'kunyamukanso kunkawadyera masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi kuposa kungodutsa. Pa mphambano 14 zija, sizikwana ngakhale mphindi imodzi ndi theka. Za hutala ndinawauza zomwe ndimauza aliyense, kuti wa m'mbuyoyo saona zomwe iwo akuona ndipo sadzakhala nawo pomwe adzafunsidwe. Koma ndiyenera kunena chilungamo: phuma lomwe dalaivala amakhala nalo nthawi zambiri silichokera kwa iye. Ndandanda ya tsiku ikakhala yothina, chizolowezi chabwino ndicho chimayamba kutayidwa, ndipo zimenezi ndinazilemba mu kalata yopita kwa abwana.

Mizere ina tinangoidutsa mwachidule poti yambiri ankaidziwa. Wosadukiza wa pakati pa msewu sawoloka pofuna kupitirira galimoto ina. Pomwe wosadukiza wagona limodzi ndi wodukizadukiza, wolamulira ndi womwe uli mbali yako. M'bokosi la mizere yachikasu yopingasana salowamo pokhapokha kutsidya kuli malo okwana galimoto yako yonse. Pa maloboti, nyali yachikasu ikutanthauza ima, kupatula ngati wayandikira kwambiri moti kuima kungadzetse ngozi. Iwiri yokha ndi yomwe inatichedwetsa. Sankadziwa kuti mzere woimira pa maloboti ena amaubweza m'mbuyo dala kuti malole ndi mabasi okhota apeze malo, choncho ankaudumpha ndi theka la galimoto. Ndipo sankaona vuto kupitirira galimoto yomwe yaima pa mizere yowolokera anthu, pamene galimoto yoimayo ikuchita ntchito yomweyo ya nsanamira ija, kubisa munthu mpaka atafika kutsogolo kwako. Popeza nthawi zina amatumidwa kunja kwa dziko, ndinawachenjezanso kuti utoto sutanthauza chimodzimodzi kulikonse. Ku South Africa ndi mayiko ena oyandikana nalo mzere wachikasu umakhala m'mphepete mwa msewu ndipo woyera pakati. Ku America wachikasu ndi womwe umalekanitsa magalimoto opita mbali zosiyana. Ku Britain mizere iwiri yachikasu m'mphepete imaletsa kuimika galimoto. Koma mzere wosadukiza wopingasa msewu pansi pa chikwangwani cha makona asanu ndi atatu umanena chinthu chimodzi m'mayiko onsewa.

Zotsatira

Patatha masabata atatu ndinakweranso nawo, ulendo uno pa njira yawo ya ntchito, katundu ali m'mbuyo. Chogwirizira foni anali atachichotsa pakona paja n'kuchiika pansi, pakati pa dashibodi. Pa mphambano 12 za STOP anaima kwathunthu pa 11, ndipo kugwedera kuja ndinakumva. Pa imodzi mwa izo, ataweramira kutsogolo, anapeza njinga yamoto yomwe ine mwini ndinali ndisanaione.

Yomwe anadutsa osaima ndi yomwe ili pafupi ndi pomwe amasungira vani, yomwe amaidutsa kanayi kapena kasanu tsiku lililonse. Sanazindikire mpaka nditawauza. Sindinadabwe, chifukwa chizolowezi chakale chimakhalitsa pamalo pomwe munthu amapadziwa kwambiri, pomwe manja ndi mapazi zimagwira ntchito zokha maganizo ali kale kunyumba kapena ku katundu wotsatira. Pa chifukwa chimenechi sindinalembe kuti nkhani yatha.

Kwa abwana ndinalemba kuti bambowa abwerere pa ntchito yoyendetsa, poti sindinapeze kusasamala kapena bodza, koma chizolowezi chomwe chinakula mosaoneka ndipo chikusintha. Ndinapempha kuti madalaivala ena onse a pakampanipo akhale pa mipando ya magalimoto awo n'kuona okha munthu akusowa kuseri kwa nsanamira, poti zimangotenga mphindi khumi, komanso kuti pasamatidwe kanthu kalikonse m'makona a galasi lakutsogolo. Ndinapemphanso kuti ndandanda ya maulendo aiunikenso.

Pobwerera tinadzera pa mphambano ya ngozi ija mwa pempho lawo. Chikwangwani chili chilili, koma mzere woimira unafufutika, kwangotsala kachidutswa koyera cha kumphepete. Bambowa anaima kumbuyo kwa kachidutswako, anaweramira kutsogolo, anatchula zomwe akuona, n'kukhota. Za mzerewo ndalembera oyang'anira msewuwo kupempha kuti aupentenso. Ndidzakweranso nawo pakatha miyezi itatu osawauza tsiku, ndipo ulendowo udzayambira pa mphambano ya pafupi ndi pomwe amasungira vani.